Njanji za mu Ubongo

Aliyense amene anaswapo mutu wa mbuzi amaudziwa ubongo. Ndi wofewa ngati chambiko chogwirana bwino, moti ukaugwira mosasamala umaphwanyikira m'zala. Ukaudula pakati ndi mpeni wakuthwa umaona mitundu iwiri: kunja kotuwira, m'kati moyera. Koyerako kumatsika mpaka m'fupa la msana, mmene muli chingwe chija ena amachitokosa ndi kamtengo akamadya. Ambiri amati choyeracho ndi mafuta, ndipo sanaphonye kwenikweni, chifukwa mafuta alimodi. Koma mafutawo ndi chofunda chabe. Chimene chafundacho ndi tizingwe tosawerengeka, tating'ono kuposa tsitsi, timene timanyamula mauthenga a thupi lonse.

Chinenero chathu chimatisokoneza pang'ono pamenepa. Mawu oti mtsempha timawagwiritsa ntchito pa njira ya magazi, pa chingwe cholimba chakumbuyo kwa chidendene, komanso pa njira ya mauthenga. M'nkhani ino tikunena za njira ya mauthenga, pokhapokha titanena kuti ya magazi. Ubongo wa munthu uli ndi maselo a mauthenga pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse lili ndi tinthambi tambiri tatifupi tolandirira uthenga, koma chingwe chotumizira uthenga ndi chimodzi basi. Chingwe chimenechi asayansi amachitcha axon.

Ma axon ena ndi aafupi, sakwana ndi milimita imodzi yomwe. Ena ndi aatali modabwitsa. Selo limene limagwedeza minofu ya kuphazi limakhala m'munsi mwa msana; thupi lake silipitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, koma axon yake imatsika mwendo wonse, pafupifupi mita yathunthu. Selolo likanakhala nyumba ya mamita 5 m'lifupi, chingwe chake chikanatalika makilomita 50. Ndiye vuto lake ndi ili: zipangizo zambiri zimene chingwechi chimafuna kuti chikhale ndi moyo zimapangidwa kunyumbako. Kunsonga kwake kukafunika kanthu, kayenera kuchokera kutali konseko.

M'masukulu timaphunzitsidwa kuti mtsempha uli ngati waya wa magetsi. Fanizoli limathandiza pa mayeso, koma limabisa zambiri. Waya sadya, satopa, sadikira katundu. Axon imadya, ndipo katundu akapanda kufika imafota.

Katundu wochokera kutali

Anthu a ku Mitande, m'boma la Mandimba, safunika kuwafotokozera zambiri za nkhani ya katundu wochokera kutali. Njanji yochokera ku Cuamba kupita ku Lichinga, ya makilomita pafupifupi 262, imadutsa kwawoko. Pa zaka za nkhondo imene inatha mu 1992, ndi zaka zambiri pambuyo pake, njanjiyi inali yowonongeka. Sitima inkayenda mokwawa, nthawi zina osabwera n'komwe. Amene ankamva kuwawa kwambiri anali akumapeto kwa njanji, ku Lichinga, kumene simenti ndi mafuta zinkafika zitakwera mtengo. Itakonzedwa n'kutsegulidwanso mu 2016, kulira kwa sitima kunabwerera, ndipo pamodzi nako kunabwerera amayi a malichero a nthochi, nzimbe ndi chinangwa chophika, othamangira m'mawindo sitima isananyamuke.

M'kati mwa axon muli njanji zenizeni. Ndi timachubu tabowo m'kati, totchedwa microtubule, tomangidwa ndi puloteni yotchedwa tubulin. Timibulu ta tubulin timalumikizana mutu ndi mchira n'kupanga mzere, ndipo mizere 13 imaima mozungulira n'kupanga kachubu kamodzi. Kukula kwake ndi mananomita 25. Nanomita ndi muyeso wovuta kuuganizira: tengani milimita imodzi pa lula ya mwana wasukulu, muigawe kokwana miliyoni, gawo limodzi ndiye nanomita. Palibe kachubu kamene kamayenda mtunda wonse kokha. Timakhala tizidutswa togonerana, kena kakutha kena kayamba kale pambali pake, moti katundu amasintha njanji kambirimbiri asanafike. Chofunika n'chakuti tonse timaloza kumodzi. Kachubu kali ndi nsonga imene imakula msanga ndi ina yochedwa, ndipo mu axon nsonga yokula msangayo imayang'ana kutali ndi thupi la selo. Kuloza kumodzi kumeneku ndiko kumauza onyamula katundu kuti kutsogolo n'kuti, kumbuyo n'kuti.

Zoti m'mitsempha mumayenda katundu zinaonetsedwa mu 1948 ndi Paul Weiss ndi mnzake Helen Hiscoe. Iwo anafinya mtsempha wa nyama penapake, ndipo patapita masiku unatupa kumtunda kwa pofinyidwapo, mbali ya kuthupi la selo, ngati mtsinje umene watsekedwa ndi zinyalala. Atamasula, chotupacho chinayamba kutsika pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Koma wonyamula katunduyo anadzapezeka mu 1985. Ronald Vale, Thomas Reese ndi Michael Sheetz anagwiritsa ntchito nyama ya m'nyanja ya mchere imene ku Mozambique amaitcha lula, Angerezi amati squid. Nyamayi ili ndi axon yaikulu zedi, yofika pafupifupi milimita m'mimba mwake, moti munthu angathe kuifinya zam'kati n'kutuluka ngati mankhwala otsukira mano. Mmenemo anapezamo puloteni imene anaitcha kinesin.

Kinesin ndi mtengatenga wa miyendo iwiri. Amasenza kathumba ka katundu kumutu, n'kumayenda pa njanji moponda phazi ili kenako linalo. Sitepe iliyonse ndi mananomita 8, ndipo pa sitepe iliyonse amadya kambulu kamodzi ka ATP, amene ali ngati mafuta a selo. Kuti katundu achoke kumsana kufika kuphazi pamafunika masitepe 125 miliyoni. Katundu wachangu, monga timatumba ta mankhwala otumizira uthenga, amatha kuyenda masentimita 40 patsiku, ndiye kuti masiku awiri ndi theka wafika. Wobwerera amanyamulidwa ndi puloteni ina, dynein, imene imayenda chobwerera pa njanji zomwezo. Iyo imatenga zipangizo zotha ntchito kuti zikaphwanyidwe, komanso uthenga wouza selo kuti kunsonga kuli bwanji.

Palinso katundu wochedwa, ndipo iyeyu ndiye mizati yeniyeni ya axon. Pakati pa njanji pamadzaza tiulusi tina ta mananomita 10 totchedwa neurofilament. Tiulusiti tili ndi timanja totuluka m'mbali tokankhana ndi tinzake, ndipo tikachuluka axon imanenepa. Axon yonenepa imathamangitsa uthenga kuposa yowonda. Timayenda mwina milimita imodzi patsiku kapena kucheperapo, moti kufika kuphazi ndi ulendo wa zaka pafupifupi zitatu. Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti pali wonyamula wina waulesi. Mu 2000, gulu la Anthony Brown linaonera tiulusiti tikuyenda m'maselo amoyo n'kupeza kuti sitichedwa poyenda ayi. Tikanyamuka timathamanga ngati katundu wina aliyense, kungoti nthawi yambiri timakhala chiimire, ngati mabogi a katundu amene amagonera pasiteshoni.

Kumapeto kwa njanji yaitali ndiko kumayamba njala. N'chifukwa chake matenda ambiri a mitsempha amayambira kumapazi, osati kuntchafu. Odwala shuga amadandaula za dzanzi la kuzala zakumiyendo. Ambiri amene anamwa ma ARV oyambirira, aja anali ndi stavudine, amakumbukira mapazi owotcha usiku ngati waponda phulusa lamoto. Mankhwalawo ankafooketsa tinyumba topangira mphamvu m'maselo, ndipo Malawi inawasiya pakati pa 2011 ndi 2013. Vincristine, amene apulumutsa ana ambiri odwala khansa ya Burkitt ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, amagwira ntchito pomata tubulin kuti selo la khansa lisagawikane. Koma tubulin yemweyo ndiye njanji, choncho mwana wina amayamba kukoka phazi poyenda, ndipo madokotala amayang'anira zimenezi popereka mankhwalawo.

Wokwera mozemba

Sitima yobwerera ija ili ndi okwera ena osaitanidwa. Woopsa kuposa onse ndi kachilombo ka chiwewe.

Galu wachiwewe akaluma munthu, kachilomboko sikadalira magazi kuti kafike ku ubongo. Kamayamba kakhala m'mnofu pabalapo, masiku kapena masabata, kenako kamalowa kunsonga ya mtsempha. Kakalowa kamadzikulunga m'kathumba konga ka katundu wamba, ndipo dynein, posadziwa chimene wasenza, amakatenga n'kumapita nako kumsana, masentimita angapo patsiku. Kuchokera kumsana kamalumpha selo ndi selo mpaka ku ubongo. Ulendo wonsewu kamakhala kobisika m'kati mwa axon, mmene asilikali a m'thupi sakaona bwino. Bala limapola, chipsera chimauma, apabanja amaiwala. Patapita mwezi umodzi, iwiri kapena itatu, munthu uja amayamba kuopa madzi, ndipo zikafika pamenepo pafupifupi palibe amene amachira.

Apa m'pamene kutalika kwa njanji kumakhala nkhani ya moyo ndi imfa. Wolumidwa kumwendo ali ndi mtunda wautali pakati pa bala ndi ubongo. Wolumidwa kumaso kapena pakhosi ali ndi mtunda waufupi, ndipo ana, poti ndi aafupi msinkhu ndiponso amakonda kusewera ndi agalu, ndiwo amalumidwa malo amenewa kawirikawiri. Akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Kutsuka bala ndi sopo pa madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kukabayitsa katemera tsiku lomwelo, ndiko kuyambira limodzi ndi kachilomboko kasanakwere. Kudikira kuti tione ngati galuyo adwale n'kukapatsa mwayi woti katsogole.

Ku Blantyre, Macpherson Mallewa ndi anzake analemba mu 2007 kuti mwa ana 133 amene anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 anali ndi chiwewe, ndipo atatu poyamba ankaganiziridwa kuti ali ndi malungo a mu ubongo. Poizoni wa kafumbata nayenso amakwera sitima yomweyi kuchokera pabala kupita kumsana.

Mikombero ya mono

Njanji ndi tiulusi tija zimayenda m'litali. Nanga chimene chimagwira khoma la axon kuti lisaphwe kapena kung'ambika n'chiyani? Mwendo timaupinda kosawerengeka patsiku, khosi timalitembenuza, ndipo mitsempha imakokeka n'kubwerera.

Asodzi a ku Chiuta ndi ku Amaramba akamaluka mono amadziwa kuti timitengo ta m'litali tokha sitingaime. Pamafunika mikombero yozungulira, yotalikirana mofanana, yomangirira zonse pamodzi. Ikatero mono amapindika pang'ono m'madzi koma osaphwanyika. Axon inalukidwa chimodzimodzi, ngakhale kuti zimenezi zadziwika posachedwapa. Mu 2013, Ke Xu, Guisheng Zhong ndi Xiaowei Zhuang a ku Harvard anaona kuti pansi pa khungu la axon pali mikombero ya puloteni yotchedwa actin, yotalikirana mananomita pafupifupi 190 mtunda wonse. Pa milimita imodzi pali mikombero yoposa 5,000. Pakati pa mkombero ndi unzake pali tizingwe totamuka ta puloteni ina, spectrin, timene timakokeka n'kubwerera ngati mphira.

Munthu angadabwe kuti chinthu chadongosolo chotere chinabisika bwanji kwa anthu amene akhala akusuzumira m'mitsempha kuyambira nthawi ya Santiago Ramón y Cajal, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1906. Chifukwa chake n'chakuti maikulosikopu wamba ya kuwala sitha kusiyanitsa zinthu ziwiri zoyandikana kuposa mananomita 200. Mikomberoyi inapereweza pang'ono chabe, moti inkaoneka ngati mzere umodzi wosaduka. Panafunika njira yatsopano yoyatsa timadontho ta utoto kamodzikamodzi n'kulemba malo a kalikonse.

Umboni wa ntchito ya spectrin umene ine umandigwira mtima unachokera ku kanyongolotsi ka m'nthaka kotalika milimita imodzi, kotchedwa C. elegans. Mu 2007, ku University of Utah, anapeza kuti tinyongolotsi topanda spectrin timabadwa ndi mitsempha yooneka bwinobwino, koma tikayamba kukwawa ma axon amaduka okha. Atatipuwalitsa kuti tisamayende, kudukako kunachepa kwambiri. Chimene chinkadula mitsempha sichinali matenda ena ayi, kunali kuyenda komweko.

Spectrin sanayambe kupezeka mu ubongo. Anapezeka mu 1968 m'maselo ofiira a magazi, mmene amapanga ukonde wothandiza selo kupindika podutsa m'timitsempha ta magazi tothina. Mnzake ankyrin, amene amakhomerera ukondewo kukhungu la selo, nayenso anayamba kudziwika m'magazi. Mu ubongo, mtundu wina wa ankyrin umaunjikana poyambira penipeni pa axon, kachigawo kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Pamenepa ndi pamene uthenga wa magetsi umayakira, chifukwa ankyrin amasonkhanitsapo tizipata tambirimbiri tolowetsa mchere wa sodium. Ndi pachipatanso, ngati pa Mandimba ndi Chiponde: katundu woyenera kupita mu axon amadutsa, wa m'tinthambi tolandirira amabwezedwa. Asayansi atachotsa ankyrin ameneyu m'maselo, axon inayamba kutaya khalidwe lake n'kumaoneka ngati kanthambi wamba. Kutsogolo konse, chofunda choyera chija, myelin, chimasiya timipata ting'onoting'ono, ndipo pa mpata uliwonse ankyrin ndi spectrin amamanganso kagulu ka tizipata. Uthenga umalumpha mpata ndi mpata, n'kufika liwiro la mamita 120 pa sekondi m'ma axon onenepa, pamene m'opanda chofunda umayenda mita imodzi kapena iwiri.

Njanji ikaduka

Mphira ukaukoka pang'onopang'ono umatamuka. Ukaugwedeza mwadzidzidzi umaduka. Axon ndi chimodzimodzi. Wakabaza wa njinga yamoto akagwa n'kumenyetsa mutu, chigaza chimaima mwadzidzidzi koma ubongo wofewa uja umapotoka m'katimo. Timachubu ta njanji timathyoka pamalo ambirimbiri. Khungu la axon nthawi zambiri limakhala lisanang'ambike, ndipo onyamula katundu amapitiriza kubwera osadziwa kuti kutsogolo kulibe njira. Katundu amaunjikana pothyokapo, axon imatupa ngati mkanda wa mikanda, ndipo patapita maola kapena masiku imaduka. Sabina Strich wa ku England ndiye anafotokoza kuvulala kumeneku mu 1956. Kumavuta kukuona: chigaza chikhoza kukhala chosasweka, sikani wamba n'kuonetsa zochepa, koma munthu ali chikomokere, kapena wadzuka ali woiwalaiwala, wopsa mtima msanga, moti akwawo amati si yemwe uja. Chisoti sichiletsa kupotoka konse, koma chimachepetsa kwambiri mphamvu imene imafika ku ubongo, ndipo chisoti chokoleka pachiwongolero sichiteteza mutu wa aliyense.

Kuunjikana kwa katunduku n'kumene ofufuza amakugwiritsa ntchito ngati chizindikiro. Pali puloteni ina, APP, imene imayenda pa sitima yachangu. Akathira utoto woigwira pa kachidutswa ka ubongo, malo onse othyoka amaonekera. Njira imeneyi inagwiritsidwa ntchito pa ubongo wa ana amene anamwalira ndi malungo ku Blantyre, m'kafukufuku wa Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzawo. Zimene Katerina Dorovini-Zis anasindikiza mu 2011 zinaonetsa ma axon otupa ndi myelin yowonongeka pafupi ndi timitsempha ta magazi totsekeka. Tizilombo ta malungo sitilowa mu axon. Timakhala m'maselo ofiira a magazi, timasokoneza ukonde wawo uja, maselowo n'kumamatirira m'makoma a timitsempha. Mpweya ndi shuga zikachepa, ATP amachepa, ndipo onyamula katundu amaima. Zimenezi zimathandiza kumvetsa zimene Gretchen Birbeck anapeza mu 2010 ku Blantyre komweko, kuti pafupifupi mmodzi mwa ana atatu opulumuka malungo a mu ubongo amatsala ndi vuto, kaya khunyu, kaya kuvutika kuyenda, kulankhula kapena kukhazikika. Mwana wotere akabwerera kusukulu n'kumalephera zimene kale ankakhoza, kumukwapula n'kulakwira munthu wovulala.

Kukalamba nako kuli ndi gawo lake. Pa timachubu ta mu axon pamakhala puloteni yotchedwa tau, imene inapezeka mu 1975 ku Princeton. Mabuku ambiri amaifanizira ndi mitanda yogwira njanji, ngakhale kuti mbewa zochotsedwa tau zimakula bwinobwino, kotero fanizolo tisalikhulupirire mopitirira. Chodziwika n'chakuti m'matenda a Alzheimer tau amachoka panjanji n'kupotana yekhayekha m'kati mwa selo. Mfundo zopotanazi Alois Alzheimer anaziona mu 1906, ndipo mu 1986 zinadziwika kuti ndi tau. Agogo amene akusochera m'mudzi mwawo momwe, kutuluka usiku osavala bwino, kuitana mayina a anthu amene anafa kalekale, kawirikawiri ndi odwala matenda a mtundu umenewu. M'madera athu ambiri amawatcha afiti, ndipo ena aphedwa.

Ma axon a mu ubongo ndi a m'fupa la msana akaduka, samerananso kwenikweni. Malo owazungulira amawatsekereza, ndipo maselo ake akakhwima amataya changu chokula. Kuchira kumene timaona pambuyo pa sitiroko kapena ngozi kumabwera makamaka chifukwa njira zotsala zimaphunzira ntchito yatsopano. A m'manja ndi m'miyendo ndi osiyana. Mlimi akadzitema ndi chikwakwa pamkono n'kudula mtsempha, mbali yakunsonga, imene yalekana ndi thupi la selo, imafota yonse m'masiku ochepa, monga anaonera Augustus Waller pa achule mu 1850. Koma dokotala akasoka nsonga ziwirizo, mbali yakumtunda imayamba kuyala njanji yatsopano, kutsata ngalande yakale, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Kuchokera pamfundo ya dzanja kufika kunsonga ya chala ndi ulendo wa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi.

Pali njira yodziwira pamene omangawo afika, imene Jules Tinel anaifotokoza mu 1915 posamalira asilikali ovulala ku France. Dokotala amagogoda ndi chala chake mofatsa m'njira ya mtsemphawo, kuyambira kunsonga kubwerera kubala. Akafika pamene pali nsonga zanthete zimene zikukulazo, wodwala amadzidzimuka n'kunena kuti wamva ngati nyerere zathamangira kuchala. Dokotala amalemba kadontho pakhungupo ndi bolopeni, n'kuyeza ndi lula kuchokera pachipsera. Mwezi wotsatira akagogodanso, kadontho katsopano kamakhala katasunthira kutsogolo ndi masentimita atatu.